Injini Yanga Ikununkha Kachasu

Aphungu,

Ndikulemba mothamanga chifukwa ndangotsala ndi masabata atatu. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndikaonekera pamaso pa akulu a mpingo wathu, ndipo akakandipeza wolakwa, ntchito yanga ya uphunzitsi ithera pomwepo, pakuti sukulu imene ndikuphunzitsa ndi ya mpingo. Mlandu wake ndi wakuti ndimatcheza kachasu kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi. Ine kachasu sindinamulawepo chibadwire. Chimene chimakhala m'ketulo yanga ndi madzi a pachitsime basi.

Ndiyambe poyambira kuti mumvetse. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi chaka chathachi, 1955, ndipo pamene anzanga ankalimbirana malo a m'tauni ine ndinapempha dala kubwerera kwathu kuno ku Nsaru, poona kuti kumudzi ndi kumene zinthu zikuyenda pang'onopang'ono mopweteketsa mutu. Tili kusukulu, mphunzitsi wathu wa sayansi anali ndi kainjini ka nthunzi kochokera kunja, kakang'ono koti n'kukwana m'manja awiri. Ankathira madzi m'kathanki kake, kuyatsa kamoto pansi, ndipo posakhalitsa gudumu linkayamba kuzungulira lokha popanda wolikhudza. Anzanga anaseka, n'kuiwala. Ine sikanandichoke m'mutu. Pa tchuthi ndinakwera lole mpaka ku Salima kungofuna kukaona mkulu wake, injini yokoka sitima, ndipo ndinaima pambali pake mpaka wosonkhezera moto anandifunsa ngati ndataya chinthu.

Funso langa kuyambira tsiku limenelo ndi ili. Ngati madzi ndi moto zimakoka mabogi odzaza fodya, n'chifukwa chiyani amayi athu akadali kusinja pamtondo, ndi kuswa mtedza ndi zala mpaka zikhadabo kutha? Madzi tili nawo. Nkhuni tili nazo. Chikusowa n'chiyani? Ndinaganiza zoyamba ndi kakang'ono kanga, kuti ndikakadziwa bwino ndidzapange kokulirapo, mpaka tsiku lina Nsaru adzakhale ndi chigayo cha nthunzi chopangidwa ndi manja a munthu wa konkuno.

Silinda, momwe nthunzi imakankhira, ndinadula ku pampu yakutha ya njinga. Pisitoni yoyenda m'katimo ndi kamtengo ka mlombwa kokulunga ulusi wopaka girisi. Gudumu ndi chivindikiro cha chitini cha polishi, chimene a Goliati, okhoma zidebe pamsika pathu, anathiramo mtovu kuti chilemere. Thanki ndi ketulo yakale yothothoka chogwirira. Zonsezi zinandidyera miyezi isanu, Loweruka lililonse masana. Chinandigonjetsa ndi paipi yotengera nthunzi kuchoka pamlomo wa ketulo kupita ku silinda. Bango linang'aluka. Labala inafewa ngati phala. Ndinapalasa njinga mpaka ku Namitete, ulendo wina mpaka ku Lilongwe, kulowa sitolo ndi sitolo, koma paipi yopyapyala yamkuwa osaipeza.

Apa ndi pamene akulowera azakhali anga, a Tisiyenji, mlongo wawo wa bambo anga. Ndi mayi wamasiye, ndipo sindibisa, kwa zaka zambiri analera ana awo ndi kachasu. Dera lonse likudziwa. Zaka ziwiri zapitazo anasiya, analowa kalasi ya ubatizo, ndipo akuyembekeza kubatizidwa pa Mgonero wa mwezi wamawa. Polowa kalasipo anauza akulu a mpingo kuti zipangizo zawo zonse anakataya kumtsinje.

Tsiku lina anandipeza nditagwira bango long'aluka, ketulo ikufuka pambaula. Anati, "Kodi aphunzitsi, tiyi ameneyu mukuphikira alendo osaoneka?" Ndinawafotokozera zonse, pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana a Sitandade 3. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Ndiye ukufuna mpweya wa m'mphika udutse njira imodzi osathawira kwina, eti? Zomwezo basi mpaka miyezi isanu?"

M'mawa mwake anabwera ndi chinthu chokulunga m'chitenje. Inali paipi yamkuwa, yaitali ngati mkono, yochepa kuposa chala chaching'ono, yeniyeni imene ndinkafuna. Malemu amuna awo anabwera nayo kuchokera ku Halale, ndipo ndi imene ankatchezera zaka zonsezo. Mbiya ndi zina zonse anatayadi, koma iyi anaisomeka mu udzu wa denga. Anati, "Inandikanika, mwanawe. Bambo uja sanandisiyire china." Ndinawauza kuti ndi yaitali kwambiri, kuti igwire ntchito ndiyenera kuidula. Anaitembenuza m'manja. Kenaka anati, "Dula." Anagwira okha mbali imodzi ine ndikucheka ndi sowo, ndipo panatuluka zidutswa zitatu.

Ndivomere, Aphungu, kuti kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Nthunzi inkathawira m'mbali mwa chivindikiro cha ketulo. Azakhali anakanya gaga ndi timadzi, n'kumata kuzungulira chivindikiro chonse monga amamatira mbiya ya kachasu, ndipo kuthawa kunatha. Nthunzi inkafika ku silinda itasanduka kale madontho. Anayang'ana, nati, "Ife paipi tinkaiziziritsa ndi madzi kuti mpweya usanduke mowa. Iwe ukufuna usasanduke. Ndiye ifunditse." Tinaikulunga sanza, ndipo zinathekadi. Amadziwanso ndi khutu lokha nthawi imene nthunzi yakwana. Ine ndikafuna kukankha gudumu ankandigwira dzanja, amvekere, "Dikira, ikadali kung'ung'udza, sinayambe kuyimba." Mpaka lero sindikumva kusiyana kwake, ndipo zimandinyansa.

Loweruka lina gudumu linazungulira lokha. Ndinawerenga: ka makumi anayi ndi kasanu ndi kawiri. Kenaka gaga anang'aluka, nthunzi yonse inatulukira pamenepo, gudumu n'kuima. Tinamatanso, n'kuchitanso chimodzimodzi. Silinapitirirepo makumi asanu.

Loweruka lotsatira, azakhali atangochoka kumene, kunafika a Simeon Kachingwe, mkulu wa mpingo amene amayang'anira sukulu yathu. Anabwera pa nkhani ya udzu wofolerera kalasi. Atandisowa kumaso anazungulira kuseri. Taganizirani chimene anaona: mbaula, ketulo yomata gaga, paipi yamkuwa, ndi kapu pansi yolandira madontho otuluka ku silinda. Anaima, n'kukoka mphuno kawiri. Fungolo linalipodi, sindikana. Paipi imene yadutsitsa kachasu zaka khumi ikatenthedwa imakumbuka, ndipo gaga wotentha naye ali ndi fungo lake. Ine ndinkalimva masiku onse koma sindinalilabadire, maso anali pa gudumu.

Anati, "Aphunzitsi, ichi n'chiyani?" Ndinati ndi injini ya nthunzi, ndipo ndinathamangira kuwaonetsa, koma gaga anali atang'aluka kale, gudumu lili duu. Ndinayamba kufotokoza mmene madzi amafutukukira akasanduka nthunzi, ndipo ndikuvomera kuti theka la mawu anga anali a Chingerezi. Anandisiya mpaka mpweya unandithera, nati, "Ine Chingerezi sindimva, koma mphuno yangayi inamaliza sukulu inu musanabadwe." Kenaka anafunsa, "Ndimamva kuti Loweruka lililonse mumakhala ndi azakhali anu. Mumachita chiyani?" Ndinati timangocheza. Iwo amvekere, "Kucheza, kapena kutcheza?" Pochoka analoza paipi ija ndi ndodo, nati, "Iyi si ya m'sitolo. Mudzatiuze kubwalo kumene munaitenga."

Vuto langa ndi limenelo. Ndikanena kuti ndinagula ku Lilongwe, ndi bodza, ndiponso adzafunsa sitolo yake. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndaulula kuti azakhali sanataye zonse monga anauzira akulu, ndipo ubatizo umene audikira zaka ziwiri ukhoza kuwaphonya chifukwa cha chidole changa. Ndikakhala chete, wotcheza ndine, choko ndisiye. Azakhali sindinawauze za funso la paipili. Masabata awiri tsopano ndikulambalala nyumba yawo.

Maganizo anga ndi awa. Ndipite kwa a Goliati akamate chivindikiro chonse ndi mtovu, pasakhale pothawira nthunzi ngakhale pang'ono, kuti pamaso pa akuluwo gudumu likazungulire ka mazana asanu mpaka aiwale za paipi. Ndalembanso mawu okwana masamba anayi oti ndikawawerengere, owauza kuti anthu osatha kusiyanitsa injini ndi mbiya ya mowa sangayembekeze kudzayendetsa dziko lawo okha. Za mtovuzi ndinawatchulirapo azakhali kale, anakana. Anati, "Gagayo amang'ambika kuti mphika usang'ambike. Usamate ndi chinthu choposa mphika mphamvu." Ine ndikuona ngati ndi mantha chabe a anthu akale.

Ndiye ndithandizeni ziwiri. Za paipi ndikanene chiyani? Chachiwiri, ndipo ichi ndikufuna kuchidziwa ngakhale atandichotsa ntchito mawa, n'chifukwa chiyani injini yanga imafera pa makumi anayi ndi kasanu ndi kawiri, pamene ya ku Salima imasunga nthunzi tsiku lonse osaphulika?

K. M., Nsaru


A K. M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili ndi pensulo m'manja kuyesa kujambula kainjini kanuko. Za makina sindidziwa zambiri, choncho ndinapita nayo kwa mnansi wanga, a Gilbert, amene akhala zaka khumi ndi zinayi akusonkhezera moto m'sitima pakati pa Limbe ndi Salima. Pa pampu ya njinga anagwedeza mutu mokondwa. Pa chitini cha polishi anaseka. Atafika pa mtovu anaika pepala pansi, nati, "Mnyamatayu nkhope yake amaikonda?"

Tiyambe ndi chimenecho, chifukwa ntchito ikatha imapezeka ina koma maso sagulitsa. Chivindikirocho musamate ndi mtovu. Ketulo anaipangira kuthira tiyi, sanaipangire kumanga nthunzi. Injini ya ku Salima siphulika chifukwa pamwamba pake pali kakhomo kamene kamatseguka kokha nthunzi ikachuluka, ndipo kufuula kumene mwina munamva mutaima pambali pake kunali kakhomo kameneko. Pa ketulo yanu kakhomoko ndi gaga. Zimene anakuuzani azakhali ndi zimene a Gilbert anaphunzitsidwa tsiku loyamba pantchito, kungoti iwo anaphunzitsidwa m'Chingerezi ndi munthu wovala ovololo.

Nanga bwanji imafera panjira? A Gilbert akuti nthunzi ndi yaulesi, imatulukira pofewa. Pakali pano pisitoni yanu ndi yothina kuposa gaga, ndiye ikatopa kukankha mlombwa imakang'amba gagayo. Chepetsaniko ulusi mpaka pisitoni iziyenda ndi kupuzira kwa pakamwa chabe. Kwechani m'kati mwa silinda ndi phulusa losefa, mupukute, mudonthezemo mafuta a makina osokera m'malo mwa girisi, amene amalemera. Madzi m'ketulo asafike pa bowo la mlomo, apo ayi mukutumiza madzi m'paipi m'malo mwa nthunzi. Ndipo gudumu likangoyamba, phulaniko makala ena. Ine ndikukayikira kuti mumakupiza moto pofuna kuti lithamange. Ndanama?

Tsopano a Kachingwe. Mwawalemba ngati munthu wa mumdima, koma werenganinso kalata yanu. Anaona ketulo yomata gaga, paipi yamkuwa, kapu yolandira madontho, ndipo anamva fungo la kachasu. Zonsezo zinalipodi. Chimodzi chokha chimene chikanawaonetsa kuti ndi injini, gudumu, chinali chitaima. Ine ndemwe ndikanafika pamenepo ndikanafunsa funso lomwelo. Munthuyu sanakunamizireni, anangowerenga zimene munamuyalira. Masamba anayi aja yatsirani mbaula. Mukawawerenga kubwalo mudzachotsedwa ntchito chifukwa cha chipongwe ngakhale atakhulupirira kuti simutcheza, ndipo chigayo cha Nsaru chidzathera m'kope.

Za paipi, bodza la sitolo liiwaleni. Koma chinsinsichi si chanu, ndi cha a Tisiyenji, ndipo pamenepa ndiye ndikudzudzuleni. Mayiwa anakupatsani chinthu chokhacho chimene amuna awo anawasiyira, inu mwawabwezera ndi kulambalala khomo lawo masabata awiri. Mukuganiza kuti sanamve? Pamudzi nkhani ya mphunzitsi wotcheza siigona panjira. Mwina akhala akudikira kuti muwauze nokha. Pitani mukakhale pansi, muwauze funso limene a Kachingwe anafunsa, liwu ndi liwu, ndipo mukatero mutseke pakamwa mumve zimene anene.

Mukapita, tengani ichi. M'kalata yanu muli liwu limodzi limene lingawathandize kuposa chilichonse, koma mwalidutsa mothamanga pofuna kukafika pa gudumu. Liwulo ndi "Dula." Munthu amene mumtima akufuna kudzabwerera ku mbiya sapereka paipi yake ku sowo, ndipo sagwira yekha mbali inayo. Yathunthu ili mu denga inali chiyeso. Zidutswa zitatu sizingatcheze ngakhale supuni imodzi. Zoona, anauza akulu kuti anataya zonse pamene chimodzi anasunga, ndipo cholakwa chimenecho n'chawo, ayenera kuchinena okha. Alangizeni apite kwa abusa, kapena ayambe kwa mayi wa Chigwirizano amene amamukhulupirira, tsiku la bwalo lisanafike, akanene zonse: chifukwa chimene anaisungira, ndi tsiku limene anaipereka. Sindingalonjeze kuti sadzawadikiritsa mpaka Mgonero wina. Akulu ampingo amasiyana mitima. Koma nkhani yobwera ndi mwini wake pa miyendo yake imalandiridwa mosiyana ndi yochita kufinya m'kamwa mwa mwana wa mlongo wake pabwalo.

Akakana, musawakakamize ndipo musawatchule. Mukanene chonchi: paipiyi inali ya kachasu kale, mwini wake anaipereka kuti idulidwe, dzina sinditchula popanda chilolezo chake. Akuluwo adzaganiza okha, koma kuganiza kwawo si umboni wanu. Njira iyi ndi yolimba ndipo ikhoza kukupwetekani, ndikuuziranitu. Komabe sindikukhulupirira kuti mayi amene anati "Dula" adzakusiyani muime nokha.

Tsiku la bwalo, pitani ndi injini yomasula, chilichonse pachokha, kuti aone m'kati mwa ketulo muli mbee. Paipi musaitsuke pofuna kubisa fungo, pakuti a Kachingwe analimva kale ndipo kulichotsa kudzaoneka ngati kufufuta mapazi. Apempheni iwowo akatunge madzi okha pachitsime, athire okha, ndipo madontho a m'kapu alawe okha. Gaga mumate pamaso pawo. Pofotokoza, Chingerezi chisiyeni pakhomo. Nenani monga ananenera azakhali, kuti wotcheza amaziziritsa paipi ndipo inu mumaifunditsa. Mkulu aliyense pabwalopo adzamva zimenezo msanga kuposa mmene angavomerere. Gudumu silifunika kuzungulira ka mazana asanu. Makumi anayi ndi kasanu ndi kawiri akwana, chifukwa palibe mbiya ya mowa imene inazungulitsapo kanthu kupatula mitu ya anthu.

Munafunsa kuti madzi alipo, nkhuni zilipo, chikusowa n'chiyani. Zosowa ndi zambiri, zitsulo zolimba ndi amisiri ozisula, ndipo musaleke kuzifunafuna. Koma munthu wodziwa nthunzi ku Nsaru sakusowa. Munavutika miyezi isanu, iye anakonza m'masabata awiri, ndipo inu mukumutchabe wamantha. Injini yachiwiri mukamayamba, musadzawafotokozerenso ngati ana a Sitandade 3. Muzidzawafunsa. A Gilbert nawonso apereka funso lawo loti mukawafunsire: kodi kung'ung'udza ndi kuyimba kumasiyana pati? Akuti iwo zaka zonsezi amadalira kawotchi koonetsa mphamvu ya nthunzi, ndipo tsiku limene kadzafe sakudziwa kuti adzatani.

Pomaliza, ketulo ikakhala pamoto nkhope izikhala kutali, ndipo isaphwe madzi. Kwa a Goliati musapite nacho chivindikirocho. Kwa azakhali pitani lero.

Aphungu